NKHALANGO YA KUM'MAWA KWA LUSAKA NDI NJIRA ZACE

Munthu wocokera ku Kalingalinga kapena ku Mtendere akadzera ku Kabulonga, nalowa mu mseu wa Leopards Hill, amayenda nthawi ndithu pakati pa nyumba ndi mipanda ya njerwa. Akapyola Bauleni amaona kuti dziko layamba kukwera ndi kutsika m'timapiri ndi m'makwawa, ndipo patsogolo pamaoneka mitengo ya mombo yoima mothithikana. Imeneyo ndiyo nkhalango imene m'mabuku a Boma ichedwa Lusaka East Local Forest No. 27, koma anthu a mumzinda amangoti Forest 27.

Mapiri ace sali otalika monga Mulanje kapena Dedza, pakuti mzinda wa Lusaka womwe unakhala kale pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo timapirito tingoonjezapo pang'ono. Koma ulemu wa malowo uli m'madzi. Mvula imene igwa pamenepo ndiyo imabala akasupe a mtsinje wa Chalimbana, umene umatsikira kum'mawa nukathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amakathira mu Zambezi. M'kati mwa nkhalangomo muli tinjira tambiri ta miyendo, tina totsata mitunda, tina totsikira ku timitsinje. Palibe amene anatilambula ndi khasu pa ciyambi; tinapangika ndi mapazi a anthu a mibadwo yosiyanasiyana. Cifukwa cace wofuna kudziwa mbiri ya nkhalangoyi ayenera kufunsa kuti anayendamo ndani, anafunamo ciani, ndiponso analetsedwa ndani.

NJIRA ZA MAKOLO

Dziko limeneli linali ndi anthu kalekale, mzinda usanaganiziridwe nkomwe. M'phanga la Leopards Hill, kumwera ca kum'mawa kwa mzinda, akatswiri ofukula zakale anapezamo zida za miyala za zaka zoposa 20,000. Pa Kapwirimbwe, malo amene tsopano ali m'kati mwa Lusaka ca kum'mawa, David Phillipson anafukula m'zaka za m'ma 1960 mapale a mbiya ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira citsulo, za anthu amene anakhalapo zaka ngati 1,500 zapitazo. Osula citsulo amafuna makala, ndipo makala amafuna mitengo. Motero nkhwangwa siinayambe dzulo m'thengo limeneli. Koma anthu anali ocepa, ndipo mombo ukadulidwa umaphukanso pa citsa cace ngati upatsidwa zaka zopumula.

Eni dziko amene Azungu anawapeza ndiwo Asoli, anthu a mafumu Nkomeshya, Bunda Bunda, Shikabeta ndi Mpanshya, ndi anansi ao a pfuko la Alenje ca kumpoto. Kwa iwo, monganso kwa Acewa ndi Ansenga, thengo linali nkhokwe ya mudzi. Njira ina inali ya kumadzi, ina ya kumunda, ina ya kumanda, ina ya osaka nyama, ndi ina yopita kwa abale a tsidya lina. Mwana anaphunzira maina a mitengo akuyenda pambuyo pa amace: msuku umene zipatso zace zimapsa mvula ikayandikira, mpundu wopulumutsa anthu pa caka ca njala, mlombwa wosemera zitseko ndi mipando, mombo wosendako luzi, katope ndi mkuyu zimene zimasonyeza kuti madzi ali pafupi. Anadziwanso pamene bowa amamera, ndi mitengo imene vinkubala zimakonda. Apaulendo akafika pa mphambano, wotsogola anali kuika masamba kapena kulemba mzere pa njira yosayenera, kuti otsala m'mbuyo asasocere.

Malamulo a thengo analipo ngakhale sanalembedwe. Mtengo wa zipatso sunali kudulidwa wamba, msitu wa kumanda sunali kukhudzidwa, ndipo za mvula ndi nthaka zinali m'manja mwa mafumu. Kufikira lero Asoli amasonkhana ku Chongwe caka ndi caka pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imapempha mvula niyamba kubzala mbeu. Koma cimene cinasunga thengo koposa malamulo onse ndi ici: wodula mtengo, woyenda m'njira ndi wotunga madzi anali anthu a mudzi umodzi, kawirikawiri a nyumba imodzi. Mwamuna woononga kasupe anali kudziwa kuti mkazi wace yemwe ndiye adzayenda mtunda wautali ndi mtsuko pamutu.

MZINDA NDI MAKOMBONI ACE

Njanji yocokera ku Livingstone inafika mu 1905, ndipo pamalo pamene anaika kanjanji kopatukirapo sitima anapacha dzina la nyakwawa ya pafupi, Lusaaka. Azungu anatenga mafamu mozungulira, ndipo mu 1913 kamudziko kanapatsidwa bungwe lokayang'anira. Mu 1931 Boma linasankha Lusaka kuti akhale likulu la Northern Rhodesia m'malo mwa Livingstone, ndipo linasamukirako mu 1935. Professor Adshead wa ku London, amene anajambula mapu oyamba, anafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa miseu yotakata. Mitengoyo inabzalidwadi, koma inabzalidwa kumayadi. Anthu akuda anayesedwa alendo ongobwera kudzagwira nchito ali ndi citupa m'thumba, amene adzabwerera kwao nchito ikatha.

Koma anthu anadza ndithu, ambiri a iwo ndi mseu waukulu wa kum'mawa, ocokera ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Nyasaland. Ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene Cinyanja cinakhalira cinenero ca mumzinda. Lamulo la 1948 linalola kuti anchito amangiridwe nyumba zokhalamo ndi mabanja ao, ndipo pambuyo pace Matero anamangidwa, Chilenje nakuzidwa. Nyumbazo sizinakwanire. Otsalawo anapempha malo kwa eni mafamu ndi eni migodi ya miyala ndi laimu, namalipira ndalama pa mwezi kuti amange tinyumba ta dothi. Umo ndimo anayambira George, amene anatenga dzina la mwini malo, ndi Chawama, amene kale anali kuchedwa Roberts Compound; Kanyama ndi Kalingalinga naonso anakula popanda cilolezo ca a mapu. Mtendere anadza m'mbuyo, mu 1967, pamene Boma la ufulu linapima malo kuti anthu adzimangire okha, makamaka pofuna kusamutsa a ku Kalingalinga.

Pa kalembera wa 1963 mzindawu unali ndi anthu ngati 123,000; mu 1969 anali 262,000; mu 1980 anapyola 500,000; ndipo mu 2022 anafika 2,200,000. Onsewa anafuna moto wophikira nsima. M'komboni munalibe magetsi, kotero amai anali kudzuka mbandakuca ndi nkhata ndi cikwanje kukafuna nkhuni. Komboni iri yonse inalunjika ku chire loyandikana nayo: a ku Kanyama, George ndi Matero kumadzulo, a ku Chawama kumwera, ndipo a ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni ku timapiri ta kum'mawa. Njira zakale za Asoli zinapeza mapazi atsopano. M'njira zomwezo munadzera mitolo ya nkhuni, nsici ndi mapaso omangira nyumba, udzu wofolera, masuku ndi bowa zokagulitsa pa msika, ndi mizu ya mankhwala ya asing'anga. Banja losauka la m'komboni linapeza m'thengo zimene silikanatha kugula ku sitolo.

LAMULO LA 1957 NDI AKAPENDA MABULA

Mu 1957 Boma la atsamunda linalengeza kuti dera la magwero a Chalimbana likhale nkhalango yosungidwa, ya mahekitala pafupifupi 1,750. Kumwera kwace kunasungidwanso ina yaikulu koposa, ya nambala 26. Cifukwa cacikulu cosungira malo amenewa cinali madzi, ndipo nkoyenera kulongosola mmene mitengo ndi madzi zimagwirizanira, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Lusaka amalandira mvula ya mamilimita oposa 800 pang'ono pa caka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Marici. Miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo akasupe ndi zitsime zimadalira madzi amene nthaka inasunga. Pansi pa mitengo nthaka imakhala yofewa cifukwa ca masamba obvunda, mizu, ndi mauna a ciswe ndi nyongolotsi. Mvula ikagwa imayamba yamenya masamba, nitsika pang'onopang'ono, nilowa pansi. Ndipo madziwo amaturuka mwa tsiku ndi tsiku pa akasupe kufikira mu Okutobala. Koma pamene pali malata, simenti ndi phula, madzi amathamanga pamwamba tsiku lomwelo, nakokolola nthaka, nadzaza mtsinje kwa maora ocepa, kenaka mtsinjewo umauma cilimwe cisanafike pakati.

Pansi pa mbali yaikulu ya mzinda, kuyambira ku nkhalango ya 26 kufikira ku Chawama ndi Kanyama, pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga ngati culu. Madzi olowa pansi kumtunda amayenda m'ming'alu imeneyi, ndipo ndiwo amakokedwa ndi makina m'zitsime zakuya. Pafupifupi theka la madzi a m'mipope ya Lusaka limacokera pansi motero. Otsalawo amapopedwa ku mtsinje wa Kafue, ulendo wa makilomita ngati 50. Koma mwala wa ming'alu susefa zonyansa monga umacitira mcenga. Ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba, kotero kuti pa mvula yaikulu ya 1978 anasefukira nagwetsa nyumba zambiri, monga akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Kumene zimbudzi zokumba zimakhala pafupi ndi zitsime zosaya, nthenda ya kolera imapeza njira, ndipo inaipezadi mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024. Motero madzi oyera olowa pansi pa mitengo ya kumtunda ndiwo cuma ca munthu wa m'komboni, ngakhale iye sanaione mitengoyo.

Lamulo linaletsa kudula, kuocha, kulima, kudyetsa ziweto ndi kumanga m'nkhalango popanda cilolezo. Linaika alonda obvala yunifolomu, amene anthu anawacha akapenda mabula, mau a Cibemba otanthauza owerenga masamba. Dzinalo linali la cipongwe pang'ono, komanso la mantha, pakuti mai wogwidwa ndi mtolo anali kulandidwa nkhuni ndi nkhwangwa yomwe. Colinga ca lamulo cinali cabwino, koma mai wa m'komboni analidziwa lamulolo mwa dzanja la mlonda cabe, osati mwa kulongosoleredwa za akasupe. Cotero anthu anaphunzira kulowa m'nkhalango mobisala ndi kuturukamo mofulumira, ndipo malowo anayamba kuchedwa a Boma. Nanga munthu angalirire bwanji cinthu cimene amuuza tsiku ndi tsiku kuti si cace?

Ufulu utabwera mu 1964, mphamvu pa nkhalango inakhalabe ku Boma. Lamulo la nkhalango la 1973 linagawa malo osungidwa m'magulu awiri, nkhalango za dziko lonse ndi nkhalango za m'dera, ndipo linapatsa Pulezidenti mphamvu yoika malo pa mndandanda wa osungidwa kapena kuwacotsapo mwa cikalata cosindikizidwa m'gazeti ya Boma. Apa mpamene zinthu zitatu zija zinasiyana kotheratu: woyenda m'njira anali wina, wakumwa madzi anali wina, ndipo wogwira colembera anali winanso, wokhala mu ofesi.

NKHWANGWA NDI COLEMBERA

Mu 1983, pa ulamuliro wa Pulezidenti Kenneth Kaunda, nkhalango ya 27 inacotsedwa pa mndandanda, ndipo inakhala yopanda citetezo zaka 13. M'zaka zimenezo odula mitengo analowamo momasuka, ndipo anthu okhala m'mbali mwa Chalimbana, alimi a mafamu ndi a m'midzi omwe, anayamba kudandaula kuti madzi a mtsinje wao akucepa. Anapangana, nasonkhanitsa maina a anthu ambiri pa kalata yopempha, naipereka ku Boma. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anabwezera nkhalangoyo pa mndandanda. Mutu umodzi susenza denga. Koma cofunika kucizindikira ndi cakuti amene anasenza dengalo anali anthu odziwa mtsinjewo ndi maso ao, amene anatha kunena kuti pa thanthwe lakuti madzi anali kufika m'maondo, koma tsopano afika m'kakolo.

Sikungakhale koona kunena kuti nkhwangwa ya osauka inalibe mlandu. Makala, amene a ku Lusaka amati malasha, ndiwo aphikira mabanja ambiri a m'makomboni pa mbaula kwa zaka zambirimbiri, ndipo thumba liri lonse linali mtengo wamoyo. Mitengo ya pafupi itatha, makala anayamba kucokera kutali, ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Chibombo ndi ku Mumbwa, pa njinga zolemedwa ndi pa malole. Madzi atacepa pa damu la Kariba mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo a kumayadi omwe anagula mbaula. Ndiponso m'zaka za m'ma 1990, pamene Boma linacepetsa anchito ace, alonda a nkhalango anacepa kwambiri. Zonsezi zinaibvulaza nkhalango. Komabe citsa ca mombo cimaphuka, ndipo pamene panasiyidwa mitengo inabwereranso.

Bala limene silipola linadza mwa njira ina. Pa ulamuliro wa Pulezidenti Edgar Lungu panaturuka zikalata zitatu za Boma, ca nambala 62 ca 2017, ca nambala 59 ca 2018 ndi ca nambala 13 ca 2019, ndipo ciri conse cinadulako gawo la nkhalango ya 27. Zitatha zitatuzo panatsala mahekitala 716 okha. Mahekitala oposa 1,000 anacoka m'zaka zitatu, ndipo sanacoke kuti apumule naphukenso, pakuti anapimidwa kukhala mapuloti a nyumba, ndipo pa maziko a simenti sipaphuka kanthu. Malowo sanagawidwe kwa a ku Bauleni kapena a ku Mtendere amene akhala mopanikizana m'tizipinda ta lendi. Manyuzipepa a nthawiyo analemba kuti ena mwa olandira mapuloti anali akuluakulu a Boma, ndipo m'dera lomwelo munayambika nchito yaikulu yomanga nyumba ya Kingsland City, yogwirizana ndi gulu la nkhondo la mumlengalenga.

Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust, pamodzi ndi nyakwawa za Asoli, linapita ku makhoti, ndipo mu 2020 Khoti la Apilo linapereka lamulo loimitsa nchito yomangayo kwa kanthawi. Boma limene linalowa pa cisankho ca 2021 linakhazikitsa unduna woona za cilengedwe, nilinena kuti lidzaionanso nkhani ya nkhalangoyi. Koma kubweza cikalata nkwapafupi kuposa kubweza nthaka imene yakutidwa ndi miseu ndi mipanda.

Nkhalango ya 26 nayo inagawidwa. Mahekitala 2,100 anaperekedwa kuti pamangidwe mafakitale, pamalo pochedwa Lusaka South Multi-Facility Economic Zone. Mbali ina inasanduka Lusaka National Park, ya mahekitala 6,715, imene inalengezedwa mu 2011 nitsegulidwa mu 2015, ndipo ndi imodzi mwa mapaki a nyama aang'ono koposa a m'Zambia. Anaizinga ndi mpanda wa waya naikamo mbidzi, nchefu, nyamalikiti ndi nyama zina, ndipo mu 2022 ana a njobvu amasiye amene anali kuleredwa ku Lilayi anasamutsidwira komweko. Mpandawo wateteza nthaka imene imamwetsa zitsime za mzinda, ndipo ici ncabwino ndithu. Koma pa cipata pamafunika ndalama, ndipo ulendo wocokera ku George kapena ku Kanyama ngwautali, kotero kuti amene amamwa madziwo sali ambiri pakati pa oyenda m'njira za m'pakimo.

ZIMENE ZINACITIKA KWINA

Bvuto la mzinda wofuna kumeza nkhalango yace si la Lusaka yekha, ndipo nkothandiza kuona mmene ena analisamalira. Ku Ulaya, m'dziko la Norway, nyanja ya mcere imalowa m'kati mwa dziko m'zigwa zazitali zakuya pakati pa mapiri, zimene eni ace amazicha fjord. Likulu lao, Oslo, linakhala kumutu kwa cigwa cotere, ndipo kumbuyo kwace kuli mapiri a nkhalango ochedwa Marka. M'nkhalango imeneyo muli nyanja ya Maridalsvannet, kumene kumacokera pafupifupi magawo 9 mwa 10 a madzi akumwa a mzindawo. Pamenepa akufanana ndi Lusaka: madzi a m'tauni amabadwira m'mitengo ya kumtunda.

Kusiyana kwace kuli pa njira. Mu 1868 anthu a ku Norway anayambitsa bungwe la oyenda m'mapiri, limene linamanga tinyumba togona apaulendo ndi kuika zizindikiro za utoto pa miyala ndi pa mitengo kuti mlendo asasocere. Mu 1889 mzinda unayamba kugula nkhalango kuti ikhale ya anthu onse. Mu 1957, caka comwe cija nkhalango ya 27 inasungidwa, nyumba ya malamulo ya Norway inalemba m'lamulo mwambo wao wakale wakuti munthu ali yense angayende pa nthaka yosalimidwa, ngakhale iri ya mwini wace, ngati saononga kanthu. Anthu amathyola zipatso ndi kuzula bowa momasuka. Coletsedwa ndico kusamba m'nyanja ya madzi akumwa ija. Sitima za mumzinda zimathera m'mphepete mwa mitengo, kotero kuti wanchito wamba amafikako ndi tikiti yace ya masiku onse. Ndipo pamene omanga nyumba anafuna kukwera m'mapirimo, anakumana ndi khamu la anthu odziwa njira iri yonse, kufikira mu 2009 panapangidwa lamulo lapadera loika malire a Marka. Nzoona kuti Norway ndi dziko lolemera, lophikira magetsi, lopanda mai wofuna mtolo wa nkhuni. Koma phunziro lace silifuna cuma: m'caka cimodzi comweco lamulo lina linaitana anthu kulowa m'nkhalango, lina linawaikira mlonda.

Komabe njira zokha sizikwanira, ndipo umboni wace uli pafupi, ku Malawi, kwao kwa makolo a anthu ambiri a m'makomboni a Lusaka. Phiri la Mulanje, limene nsonga yace ya Sapitwa ifika mamita 3,002, linasungidwa monga nkhalango ya Boma mu 1927. Liri ndi njira zochuka, monga zokwera kucokera ku Likhubula kupita ku Chambe ndi ku Lichenya, ndi tinyumba togona apaulendo, ndipo anyamata a m'midzi ya m'tsinde amapeza ndalama mwa kuperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu. Koma m'njira zomwezo munatsikiranso matabwa a mkungudza pa mitu ya anthu, caka ndi caka, kufikira pa kafukufuku wa 2017 panapezeka mitengo yaikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha. Opindula ndi alendo anali ocepa, osauka anali ambiri, ndipo thabwa linali ndi mtengo wokwera. Tsopano akubzala mbande zatsopano, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirilo pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi. Koma mkungudza umafuna zaka makumi ambiri kuti ukule.

OYENDAMO LERO

Pa Loweruka ndi pa Lamulungu m'mawa, m'mbali yotsala ya nkhalango ya 27 mumapezeka anthu oyenda pansi kuti alimbitse thupi, othamanga, okwera njinga za m'mapiri, ndi okonda mbalame onyamula magalasi oonera patali. Ambiri a iwo amabwera pa galimoto kucokera kumayadi. Sayenera kunyozedwa, pakuti pamene zikalata zija zinaturuka, ena a iwo ndiwo anapfuula, cifukwa anali kudziwa cimene cikutayika. Koma iwo ndi ocepa poyerekeza ndi mzinda wa anthu oposa mamiliyoni awiri. Mwana wa ku Chawama kapena ku Matero angathe kumaliza sukulu akudya masuku caka ndi caka, osauona mtengo wa msuku. Ndipo angathe kuima pa mzere wa zigubu pa mpope wa m'komboni osadziwa kuti madziwo analowa pansi pati.

Zipangizo zokonzera zimenezi ziripo kale. Magulu a Chongololo akhala akuphunzitsa ana a sukulu za nyama ndi mitengo kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'dera kupanga gulu ndi kupangana ndi a dipatimenti ya nkhalango kuti asamale malo ndi kupindula nao. Njira zingathe kuikidwa zizindikiro ndi maina a mitengo m'Cinyanja ndi m'Cisoli. Anyamata ndi atsikana a ku Bauleni ndi Mtendere angathe kukhala operekeza alendo ndi alonda. Bowa, masuku ndi nkhuni zouma zingathe kutoledwa poyera mwa pangano, m'malo mwa kubedwa mobisala. Ndipo sukulu za m'makomboni zingathe kupita ndi ana ao kukaona pamene Chalimbana amayambira.

Mbiri ya zaka za pakati pa 1957 ndi 2019 yaonetsa kuti cikalata cimene cinasunga nkhalangoyi cingathe kufafanizidwa ndi cikalata cinzace, ndipo zacitika kangapo. Yaonetsanso kuti mu 1996 nkhalango inabwezedwa cifukwa panali anthu oidziwa ndi oidalira amene analankhula pamodzi. Mbali yotsala ya nkhalangoyo ikali pomwepo, ndipo mvula ikagwa ikali kulandira madzi ndi kuwatumiza ku akasupe. Akuluakulu amati cakudza siciimba ng'oma, ndipo cikalata cina cikadzaturuka m'gazeti sicidzayamba cafunsa ku Kanyama kapena ku Kalingalinga. Cidzabwezedwa kokha ngati anthu a m'makomboni, amene ali ambiri mumzindamu, adzakhala atayendamo kale m'njirazo, nadziwa kuti mitengoyo ndi madzi a m'cigubu cao ndi cinthu cimodzi.